Mapu a Phiri Losaoneka: Mbiri ya Nkhokwe ya Mafuta ya Ekofisk

Mayi wodziwa kugula mphika pa msika sakhulupirira maso okha. Amaunyamula mphikawo, naugogoda ndi chala, natchera khutu. Ukalira bwino amadziwa kuti udapsa mokwanira ndipo ndi wamphumphu. Ukalira moipa amaubweza kwa mwini wake, pakuti penapake pali mng'alu ngakhale kuti diso silikuuona. Nzeru yomweyi, yofunsa chinthu pochigogoda ndi kumvera yankho lake, ndiyo imene anthu ofunafuna mafuta a pansi pa nthaka akhala akuitsata kwa zaka zoposa 100. Iwo amagogoda dziko lenilenilo, namvera mawu amene miyala ya pansi ikubweza, ndipo kuchokera m'mawu amenewo amajambula mapu a malo amene munthu sadawaonepo ndipo sadzawaona.

Nkhani ya lero ikunena za malo amodzi otere. Dzina lake ndi Ekofisk, ndipo ali pakati pa nyanja yamchere ya North Sea, makilomita pafupifupi 300 kuchokera ku mzinda wa Stavanger m'dziko la Norway. Pamwamba pake sipaoneka kanthu koma mafunde ndi nsanja zachitsulo. Komatu mamita 3,000 pansi pa nyanjayo pali phiri lokwiririka la mwala wa choko, lodzaza ndi mafuta. Mapu ojambulidwa ndi mawu ndiwo adatsogolera anthu ku phiri limenelo m'chaka cha 1969. Mapu omwewo adawanamiza za maonekedwe ake kwa zaka zingapo, ndipo pamene phirilo lidayamba kutitimira, mapu atsopano ndiwo adasanduka maso a anthu oliyang'anira.

Kumene mafuta amakhala

Anthu ambiri amaganiza kuti pansi pa nthaka pali maiwe a mafuta, monga thamanda la madzi m'dambo. Sizili choncho ayi. Mafuta amakhala m'timibowo ting'onoting'ono ta m'kati mwa mwala, monga momwe madzi amalowera m'njerwa yowotcha ikaviikidwa mu ndowa. Chiyambi chake ndi tizamoyo ta m'nyanja timene tidafa kalekale ndi kukwiririka m'matope, ndipo kutentha pamodzi ndi kulemera kwa nthaka ya pamwamba kudatisandutsa mafuta ndi gasi m'kati mwa zaka mamiliyoni ambiri. Popeza mafuta ndi opepuka kuposa madzi, amakwera pang'onopang'ono kudzera m'timibowo ndi m'ming'alu kufikira atakumana ndi mwala wosalola kanthu kudutsa. Ngati mwala wotsekawo uli wopindika ngati mbale yovundikira, mafuta amasonkhana pansi pake ndipo sapitirira. Malo otere ndiwo nkhokwe ya mafuta.

Tsono ntchito ya wofunafuna mafuta ndiyo kupeza mbale yovundikirayo. Edwin Drake, amene adakumba chitsime chotchuka cha ku Titusville m'dziko la America mu 1859, adapeza mafuta pa mamita 21 okha, pafupi ndi pamene ankatumphuka okha m'nthaka. Amene adabwera pambuyo pake adaphunzira kuyang'ana kupindika kwa matanthwe a pamtunda, nalingalira kuti a pansinso adapindika chimodzimodzi. Koma m'zidikha, mmene dothi lidaphimba zonse, ndiponso pansi pa nyanja, diso lidalibe chogwira. Kumeneko anthu ankabowola mongoyerekeza, ndipo zitsime zouma zidasaukitsa ambiri.

Amene adaphunzitsa anthu kumvera

Usiku wa pa 14 Epulo 1912 sitima yaikulu ya Titanic idagunda phiri la madzi oundana, nimira kusadache, ndipo anthu pafupifupi 1,500 adafa. Ngozi imeneyi idautsa funso m'mitima ya akatswiri: kodi sitima ingadziwe bwanji chimene chili patsogolo pake mu mdima? Reginald Fessenden, mbadwa ya ku Canada, adapanga makina olira mwamphamvu pansi pa madzi ndi kumvera kubwerera kwa kulirako. Mu 1914 makinawo adazindikira phiri la madzi oundana lili pa mtunda wa makilomita 3. Fessenden adaona kuti njira yomweyo ikhoza kugwira ntchito m'miyala, ndipo mu 1917 boma la America lidamulembera luso limeneli kuti ndi lake.

Ku Germany kudali katswiri woyeza migodi, dzina lake Ludger Mintrop. Ali ku yunivesite ya Göttingen mu 1908, iye ankagwetsa chimpira chachitsulo cholemera matani 4 kuchokera pa nsanja ya mamita 14, kuti apange chivomezi chaching'ono ndi kuyeza mmene kunjenjemera kwake kukuyendera m'nthaka. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse adagwiritsa ntchito makina ake poyesa kuloza pamene mizinga ya adani inkaombera. Nkhondo itatha adakhazikitsa kampani ya Seismos mu 1921, ndipo mu 1924 anthu ake adapeza chulu chachikulu cha mchere chokwiririka pa malo otchedwa Orchard ku Texas. Adachizindikira chifukwa mawu amathamanga kwambiri mu mchere kuposa m'dothi ndi mumchenga, kotero kuti kugunda kwa wonga wophulitsidwa patali kunkafika msanga kukadutsa m'chulucho. M'mbali mwa zulu zotere mumatsekeredwa mafuta, ndipo ku Orchard adapezekadi.

Ku mbali ina ya nkhondo yomweyo kudali mnyamata wa ku America, John Clarence Karcher, amene nayenso ntchito yake idali yoloza mizinga pomvera kulira kwake. Iye sadafune mawu odutsa m'mbali monga Mintrop, koma mawu obwerera kuchokera pansi, monga momwe phiri limayankhira mbusa wa ng'ombe akafuula m'chigwa. Pa 4 Juni 1921, pafupi ndi mzinda wa Oklahoma City, Karcher ndi anzake adaphulitsa wonga m'dzenje najambula mawu obwerera kuchokera ku matanthwe a pansi. Kampani yawo idagwa posakhalitsa chifukwa mtengo wa mafuta udatsika, koma lusolo silidafe. Mu 1928 chitsime cholozedwa ndi njira imeneyi chidapeza mafuta ku Maud, m'chigawo chomwecho cha Oklahoma, ndipo mu 1930 Karcher ndi Eugene McDermott adakhazikitsa kampani ya Geophysical Service, imene mu 1951 idabala kampani yotchuka ya Texas Instruments.

Mmene mapu amajambulidwira

Pa nyanja ntchito imeneyi imachitika motere. Sitima imayenda mu mzere wowongoka ikukoka chingwe chachitali makilomita angapo, ndipo m'chingwecho muli timakina tambirimbiri tomvera, tonga timakutu. Pakapita masekondi ochepa aliwonse sitimayo imagogoda nyanja. Poyamba ankaphulitsa wonga, umene unkapha nsomba zambiri, koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 adayamba kugwiritsa ntchito mfuti zotulutsa mpweya wopanikizidwa. Kugundako kumatsika m'madzi, nikulowa m'miyala imene idayalana ngati mphasa zosanjikizana. Paliponse pamene mwala wa mtundu wina ukumana ndi wa mtundu wina, gawo lina la mawu limabwerera kumwamba ndipo lina limapitirira kutsika. Timakutu tija timalemba nthawi imene yankho lililonse lafika.

Pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse. Makina sayeza kuya ayi, amayeza nthawi. Kuti nthawiyo isanduke mamita, munthu ayenera kudziwa liwiro la mawu m'chilichonse chimene adutsamo. Mu mpweya mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, m'madzi mamita 1,500, mu mchere wa pansi mamita 4,500, ndipo m'matanthwe olimba amatha kufika mamita 6,000. Ngati yankho labwera patatha masekondi 3, ndipo miyala ya pamalopo imayendetsa mawu mamita 2,000 pa sekondi, ndiye kuti mawuwo ayenda mamita 6,000 kupita ndi kubwera, ndipo mwala woyankhawo uli pa mamita 3,000. Koma wowerengerayo akalakwitsa liwiro, kuya konse kwalakwika, ngakhale makina ake atakhala abwino chotani.

Vuto lina lidali phokoso. Mafunde, injini ya sitima ndi mawu ongobwerezabwereza pakati pa madzi ndi pansi pa nyanja zinkaphimba mayankho enieni. Katswiri wina wa ku Texas, Harry Mayne, adapeza mankhwala ake m'zaka za m'ma 1950. Iye adati malo amodzi a pansi afunsidwe kambirimbiri kuchokera ku mbali zosiyanasiyana, kenaka mayankho onse aphatikizidwe. Ndi monga momwe nyakwawa imachitira pa bwalo: imamva mboni zambiri, ndipo chimene zonse zagwirizana chimaima, pamene zongopeka za mmodzimmodzi zimafafanizana zokha. Makompyuta atafika m'zaka za m'ma 1960, kuphatikiza kumeneku kudayamba kuchitika mofulumira.

Mzere uliwonse umene sitima yayenda umapereka chithunzi chonga cha mkate wodulidwa pakati, choonetsa miyala yosanjikizana. Katswiri amasankha mwala umodzi, naulondola ndi pensulo kuchoka pa chithunzi china kufika pa chinzake, nalemba kuya kwake paliponse. Kenaka amalumikiza malo ofanana kuya ndi mizere, monga pa mapu a mapiri a kusukulu. Mizereyo ikazungulira nitsekana, ndiye kuti pansipo pali phiri lokwiririka, ndipo mwina pali nkhokwe.

Norway ndi chitsime chotsiriza

Mu 1958 akatswiri a miyala a boma la Norway adalembera unduna wa za kunja kuti palibe chifukwa choyembekezera malasha kapena mafuta pansi pa nyanja ya m'mphepete mwa dzikolo. Chaka chotsatira, mu 1959, ku Groningen m'dziko la Netherlands kudapezeka nkhokwe yaikulu ya gasi, ndipo makampani adayamba kufunsa ngati miyala yomweyo sidapitirire pansi pa North Sea. Mu Okutobala 1962 kampani ya Phillips Petroleum ya ku Oklahoma idapempha boma la Norway kuti liipatse yokha ufulu wofufuza mbali yonse ya nyanja ya dzikolo. Boma lidakana kupereka zonse kwa kampani imodzi. Mu Meyi 1963 lidalengeza kuti chuma cha pansi pa nyanjayo ndi cha dziko la Norway, nilola makampani kuyamba kugogoda ndi kumvera, koma osabowola. Mu 1965 lidagwirizana za malire a pa nyanja ndi Britain ndi Denmark, ndipo chaka chomwecho lidagawa zilolezo zoyamba.

Kubowola kudayamba mu 1966. Mapu ankaonetsa mapiri okwiririka ambiri, koma mapu sanena chimene chili m'kati mwa mwala, ngati ndi mafuta kapena madzi amchere chabe. Pofika mu 1969 zitsime zoposa 30 zidali zitabowoledwa ku mbali ya Norway popanda kupeza mafuta okwanira kuchita nawo malonda, ndipo makampani ena adayamba kulongedza. Nayonso Phillips idafuna kuleka. Idatsala ndi chitsime chimodzi chimene idalonjeza pa chilolezo chake, ndipo boma lidaumirira kuti ichibowole kapena ilipire. Popeza chombo chobowolera, chotchedwa Ocean Viking, chidali cholipiridwa kale, akuluakulu a kampaniyo adaona kuti kubowola n'kwabwino kuposa kutaya ndalama pachabe.

Adasankha phiri lina lokwiririka limene mapu adalionetsa kum'mwera kwa dera la Norway, pamene madzi ndi akuya mamita pafupifupi 70. Adayamba mu Ogasiti 1969. Asadafike n'komwe pa mwala umene ankaufuna, gasi ndi mafuta zidakankha mwamphamvu m'chitsimemo, kotero kuti poopa ngozi adachitseka ndi simenti nasunthira chombocho kilomita imodzi. Limeneli lidali chenjezo loyamba lakuti m'miyala ya pamwamba pa phirilo mudali gasi, ngakhale kuti tanthauzo lake lonse lidadziwika pambuyo. Chitsime chachiwiri chidalowa m'mwala wa choko chakumapeto kwa Okutobala, ndipo tizidutswa timene tinkatuluka tidali tonyowa ndi mafuta. Mphepo za mkuntho za nyengo yachisanu zidachedwetsa kuyesa, koma pa 23 Disembala 1969 kampaniyo idadziwitsa boma la Norway kuti mafuta apezeka. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choko chimenechi ndi zigoba za tizomera ta m'nyanja tosaoneka ndi maso, timene tidaunjikana zaka pafupifupi 65 miliyoni zapitazo. M'malo ambiri gawo limodzi mwa magawo atatu a mwalawo ndi timibowo tokhatokha, koma timiboto n'tating'ono kwambiri moti mafuta sakadayenda mosavuta. Chimene chidathandiza ndi mchere wa pansi penipeni, umene pokankhira kumwamba udatukula chokocho kukhala phiri lotalika makilomita pafupifupi 10 kuchoka kumpoto kufika kum'mwera, nuching'ambang'amba. Ming'alu imeneyo ndiyo idasanduka misewu ya mafuta. Mafuta oyamba adatuluka pa 15 Juni 1971. Mu 1975 paipi idayamba kuwatengera ku Teesside ku England, ndipo mu 1977 ina idayamba kutengera gasi ku Emden ku Germany.

Dzenje limene kudalibe

Mapu oyamba a Ekofisk adali ndi chinthu chodabwitsa. M'mbali monse mwala wa choko unkaoneka ukukwera bwinobwino, koma pofika pakati, pamene pankayenera kukhala nsonga ya phiri, mizere inkasokonekera nigwera pansi. Akatswiri adamasulira kuti nsongayo idagumuka kalekale ndi kutitimira, ndi kuti phirilo lidali ngati mtondo, lokwera m'mbali koma lakuya pakati. Ngati zidali choncho, ndiye kuti pakatipo padalibe mafuta ambiri, ndipo zitsime zoyamba zidalunjikitsidwa m'mbali.

Ena mwa akatswiriwo adakayika. Pakati pa zaka za m'ma 1970 chitsime china chidabowoledwa kulunjika pa dzenje lija, ndipo chidakumana ndi choko pamwamba kwambiri kuposa pamene mapu adalonjeza. Dzenje kudalibe. Phirilo lidali lamphumphu, ndipo pakati pakepo padali mafuta ochuluka, pakuti kuchokera pa nsonga kufika pamene mafuta amalekezera ndi mamita pafupifupi 300.

Chidanamiza anthu chidali gasi uja. Kwa zaka mamiliyoni ambiri gasi wakhala akuthawa pang'onopang'ono m'nkhokwemo ndi kulowa m'miyala yofewa ya pamwamba pake, mmene adaima ngati mtambo. Mawu akalowa m'mwala wokhala ndi gasi amachepa liwiro ndiponso amafooka. Omvera akumbukire chiwerengero chija: mwala uli pa mamita 3,000, ndipo yankho liyenera kufika m'masekondi 3. Koma ngati gasi wachepetsa liwiro kuchoka pa mamita 2,000 kufika pa 1,800, yankholo lichedwa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi. Munthu wosadziwa za gasiyo adzalemba kuti mwala uli pa mamita 3,300 ndi kupitirira, ndipo pa mapu ake padzaoneka dzenje lakuya mamita oposa 300 pamene palibe dzenje. Makina sadaname, pakuti adalemba nthawi yoona. Cholakwa chidali m'kumasulira.

Kuyambira pamenepo ntchito ya ku Ekofisk idatsata lamulo limene ofufuza mafuta onse amalidziwa: mapu a mawu ayenera kumangiriridwa ku zitsime. M'chitsime chilichonse amatsitsamo makina oyeza liwiro lenileni la mawu pa mwala uliwonse, ndipo mapu amakonzedwanso kuti agwirizane ndi chimene chitsulo chobowolera chakhudza.

Phiri liyamba kutitimira

Zaka zotsatira zidabweretsa chuma pamodzi ndi misozi. Mu Epulo 1977 chitsime cha pa nsanja ya Bravo chidaphulika, ndipo mafuta adatayikira m'nyanja kwa sabata yathunthu. Pa 27 Malichi 1980 nsanja yogonamo antchito ya Alexander L. Kielland, imene idali m'dera lomwelo, idathyoka mwendo nigubuduzika, ndipo anthu 123 adafa. Kenaka chakumapeto kwa 1984 kudatulukira vuto lina limene lidadza mwakachetechete. Antchito adaona kuti malo okochezapo maboti, amene kale adali pamwamba pa madzi, tsopano ankamira. Atayerekeza zithunzi zakale ndi zatsopano, nayeza bwinobwino, adapeza kuti pansi pa nyanja patitimira mamita oposa 2, ndipo pankatitimirabe.

Chifukwa chake chidali ichi. Mafuta a m'timibowo ta choko adali opanikizika kwambiri, kuposa mpweya wa m'tayala la galimoto maulendo oposa 200, ndipo mphamvu imeneyo inkathandiza kusenza mamita 3,000 a miyala ya pamwamba. Mafutawo atayamba kutulutsidwa, katundu yense adatsamira pa choko chofewa, ndipo timibowo tidayamba kuphwanyika. Phiri lidafupika, miyala ya pamwamba idatsatira, ndipo nsanja zimene zidaima pamenepo zidatsikira pafupi ndi mafunde. M'nyanja imene mkuntho umautsa mafunde aatali ngati nyumba zosanjikiza, zimenezi zidaika pa chiswe miyoyo ya anthu mazanamazana.

Mu Ogasiti 1987 padachitika ntchito imene idadabwitsa dziko lonse. Miyendo yachitsulo ya nsanja zingapo zolumikizana idadulidwa, nsanjazo zidatukulidwa mamita 6 ndi majeke akuluakulu oposa 100 ogwira ntchito pamodzi, ndipo m'mipatamo adalumikizamo zidutswa zatsopano. Chaka chomwecho adayamba kupopera madzi a m'nyanja m'nkhokwemo, kuti abwezeretse mphamvu ndi kukankhira mafuta ku zitsime. Madziwo adachulukitsa mafuta otuluka, komanso adafewetsa choko, kotero kuti kutitimira sikudalekeretu. Mu 1998 nsanja zatsopano zazitali miyendo zidalowa m'malo mwa zakale, ndipo pofika zaka za m'ma 2000 pansi pa nyanja padali patatsika mamita oposa 8.

Mapu oyenda ndi nthawi

Tsopano funso silidalinso lakuti phiri lili pati, koma lakuti m'kati mwake mukuchitika chiyani. Kodi madzi opoperedwa akudzera njira iti? Ndi pati pamene mafuta atsalira? Ndi pati pamene mwala ukuphwanyika ndi kupinda mapaipi a zitsime? Mizere yotalikirana ya m'zaka za m'ma 1960 sikadatha kuyankha. Mu 1989 Ekofisk idayezedwa mwa njira yatsopano: sitima idayenda mizere yambirimbiri yoyandikana, ndipo makompyuta adaumba chithunzi chamthunthu, chokhala ndi litali, lifupi ndi kuya, chimene katswiri akhoza kuchidula mbali iliyonse imene afuna.

Mu 1999 kuyezako kudabwerezedwa pa malo omwewo, ndipo zithunzi ziwirizo zidayerekezedwa. Miyala imene sidasinthe idafafanizana, ndipo chotsala chidali kusintha kokhakokha kwa zaka 10. Pamene choko chidaphwanyika, yankho la pamwamba pa nkhokwe lidafika mochedwerapo, chifukwa denga lake lidatsika ndipo miyala ya pamwamba idatamuka. Pamene madzi adalowa m'malo mwa mafuta, mphamvu ya yankho idasintha. Kuchedwa kwa mawu, kumene kudanamiza anthu poyamba paja, tsopano kudasanduka mboni yodalirika, chifukwa anthu adadziwa chimene chikukuchititsa.

Kubwereza kotere kumafuna kuti timakutu tikhale pa malo omwewo nthawi zonse, ndipo chingwe chokokedwa ndi sitima chimatengeka ndi madzi. Choncho mu 2010 kampani ya ConocoPhillips, imene idalowa m'malo mwa Phillips mu 2002, idakwirira pansi pa nyanja zingwe zokwana makilomita 200, zokhala ndi malo omverapo pafupifupi 4,000. Timakutu togona pansi tili ndi ubwino winanso. Timamva mtundu wina wa kunjenjemera, wogwedeza mwala cham'mbali, umene suyenda m'madzi ndipo susokonezeka kwambiri ndi gasi. Kunjenjemera kumeneku, pamodzi ndi makompyuta amphamvu, kudathandiza kuchepetsa khungu la pansi pa mtambo uja, ngakhale kuti pakati pa Ekofisk padakhalabe povuta kuona kuposa m'mbali.

Phindu lake limaoneka m'chiwerengero. Poyamba akatswiri ankayembekezera kutulutsa magawo 17 okha pa magawo 100 aliwonse a mafuta a m'nkhokwemo. Chifukwa cha madzi opoperedwa, kufinyika kwa choko ndi zitsime zatsopano zolozedwa ndi mapu abwino, chiyembekezocho chidakwera kupitirira theka. Mu 2022 boma la Norway lidatalikitsa chilolezo cha Ekofisk kufikira 2048. Dziko limene lidauzidwa mu 1958 kuti lilibe kanthu lidakhazikitsa thumba losungira ndalama za mafuta mu 1990, kuti zidzathandize ndi mibadwo yam'tsogolo.

Luso limeneli lidafikanso kuno. M'zaka za m'ma 1980 akatswiri a yunivesite ya Duke ya ku America, pa ntchito yotchedwa Project PROBE, adakoka chingwe chomvera pa nyanja ya Tanganyika ndi pa nyanja ya Malawi. Adapeza kuti pansi pa nyanja ya Malawi, makamaka kumpoto, pali matope ndi mchenga zounjikana makilomita oposa 4, zodulidwa ndi ming'alu ikuluikulu. Zithunzi zimenezo ndi zina mwa zimene zidakopa makampani, ndipo chilolezo chofufuza mafuta chimene boma lidapereka mu 2011 chidautsanso mkangano wa malire ndi Tanzania, pamodzi ndi nkhawa za asodzi ndi onse amene amamwa madzi a nyanjayo.

Womva nkhani zotere achita bwino kukumbukira Ekofisk. Kumeneko mapu adaonetsa mapiri ambiri amene adapezeka opanda kanthu, adaonetsa dzenje pamene padali nsonga yodzaza ndi mafuta, ndipo sadachenjeze munthu kuti phirilo lidzatitimira. Adakhala odalirika pokhapokha atayesedwa ndi zitsime, nakonzedwa, nayesedwanso kwa zaka zoposa 50. Mayi wa pa msika uja naye amadziwa kuti kulira kwa mphika ndi chiyambi chabe: amaukhulupirira kwenikweni atautereka pa moto, nauona kuti sukudontha.